Kusonkhera Munthu Amene Sitim'mvetsa

Kuno ku Chifunde tili ndi mwambo wabwino. Munthu akadwala kwambiri, kapena pakagwa maliro, timasonkha. Wina abwera ndi ufa. Wina abwera ndi nkhuni. Wina aponya ndalama m'mbale. Amene alibe kanthu apereka miyendo yake, napita kukatunga madzi kapena kukauza abale akutali. Zimenezi sitinaziphunzire kusukulu. Tinaziona kwa makolo athu.

Kusonkha sikuvuta pamene wodwalayo ndi munthu wokondedwa ndi onse. Kumavuta pamene wodwalayo ndi munthu amene mudzi umam'nena. Lero tikambirana za munthu wotere. Funso lathu ndi ili: munthu amene ambiri a ife sitimvetsa moyo wake akamenyedwa, nagona m'cipatala, kodi mbale iyende khomo ndi khomo monga iyendera pa anthu ena onse?

1. Tikunena za anthu otani?

Mwana akabadwa, azamba kapena anamwino ayang'ana thupi lake nanena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Kwa anthu ambiri mau amenewo akhala oona moyo wao wonse. Koma alipo anthu owerengeka amene kwa iwo sizitero. Wina abadwa ndi thupi la mwamuna, koma kuyambira ubwana wake adziwa mumtima kuti ndi mkazi. Afuna kuvala citenje, kuitanidwa ndi dzina la cikazi, ndi kukhala pakati pa amai. Winanso abadwa ndi thupi la mkazi, koma mumtima adziwa kuti ndi mwamuna. Pa Cipwitikizi munthu wotere amati ndi transgénero.

Kale mabuku a madokotala ankaika zimenezi m'gulu la matenda a maganizo. M'caka ca 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina lakuti OMS, linazicotsa m'gulu limenelo. Si misala, ndipo si nthenda yopatsirana.

Ena a ife tamva zimenezi koyamba lero. Ena sitigwirizana nazo cifukwa ca cikhulupiriro cathu kapena mwambo wathu. Phunziro lino silikakamiza munthu kusintha maganizo ake onse tsiku limodzi. Lifunsa za cinthu cimodzi cokha: munthu wotere akavulazidwa, ife anansi ake ticite ciani?

2. Nkhani ya a Tiwonge Chimbalanga

Nkhani iyi inacitikadi, ndipo inacitika pakati pa anthu olankhula cinenero cathu, kutsidya kwa malire, ku Malawi.

A Tiwonge Chimbalanga kwao ndi ku Thyolo. Anabadwa ndi thupi la mwamuna, koma ankakhala ngati mkazi, ndipo anthu ankawaitana kuti Anti Tiwo. Ankagwira nchito pa nyumba yogona alendo mumzinda wa Blantyre. Pa 26 Disembala 2009 anacita cinkhoswe ndi a Steven Monjeza. Patangopita masiku awiri, onse awiri anamangidwa. Anakanizidwa belo, nakhala m'ndende ya Chichiri miyezi isanu. Masiku a mlandu anthu ankadzaza pabwalo la milandu, ambiri a iwo akuseka ndi kukuwiza. Pa 20 Meyi 2010 anawalamula kukhala m'ndende zaka 14 akugwira nchito ya kalavulagaga. Pa 29 Meyi, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, atakumana ndi a Ban Ki-moon, amene anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations.

Kutuluka m'ndende sikunathetse mavuto. Nkhope ya a Tiwonge inali itadziwika dziko lonse, ndipo kuyenda mwaufulu kunali kovuta. M'caka ca 2011 anapita ku South Africa, kumene analandiridwa ngati munthu wothawa kwao. Anakhala ku Cape Town. Kumenekonso anamenyedwa kangapo.

Tsono tione amene anawagwira dzanja. Ku Malawi linalipo bungwe la CEDEP, limene linaima nao. Ku Cape Town bungwe la Gender DynamiX linawathandiza kupeza pokhala, mothandizana ndi Amnesty International. Mtolankhani wa ku South Africa, a Mark Gevisser, analemba za moyo wao m'buku lochedwa The Pink Line, limene linatuluka mu 2020.

A Tiwonge sanali okha ovutika motere. Mu Okutobala 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa zimene linapeza litaceza ndi anthu otere ku Malawi. Ena anamenyedwa koma sanapite kupolisi, poopa kuti amangidwa iwo eni. Ena ananyozedwa kucipatala, nayamba kuopa kupitako. Munthu woopa cipatala agona ndi cilonda m'nyumba, ndipo cilonda cobisa cimanyeka.

Pa nkhani imeneyi tiphunzirapo ici. Mabungwe ali m'mizinda ikuluikulu. Ku Mualadzi kapena ku Nsadzu, munthu akamenyedwa usiku, woyamba kumva kulira kwake si bungwe. Ndi ife.

3. Lamulo la dziko lathu liti ciani?

Ku Malawi malamulo amene anamangitsa a Tiwonge akalipo. Mu Juni 2024 bwalo lalikulu la kumeneko linakana kuwacotsa. Ku Zambia nakonso alipo malamulo ofanana nao. Kuno ku Mozambique zinthu n'zosiyana. Malamulo a milandu a atsamunda, a m'caka ca 1886, anali ndi mau olangira anthu otere. Malamulo atsopano amene anayamba kugwira nchito mu Juni 2015 anacotsa mau amenewo, ndipo sanabwezedwenso. Conco m'dziko lathu munthu wotere sanalakwire lamulo. Wolakwira lamulo ndi amene wam'menya.

Lamulo lalikulu la dziko lathu, la m'caka ca 2004, linenanso zomveka. Gawo 40 lipatsa nzika iliyonse ufulu wa moyo ndi wakuti thupi lake lisavulazidwe. Gawo 89 lipatsa nzika zonse ufulu wa cithandizo ca mankhwala. Ndipo akuluakulu akumbukira tsiku la 24 Julayi 1975, pamene boma la Samora Machel linatenga zipatala kuti zikhale za anthu onse, osati za olemera okha.

Koma lamulo lili papepala. Pepala silinyamula munthu pa macila. Silithira mafuta m'njinga yamoto. Zimenezi acita ndi anthu.

4. Cilonda cidya zinthu zambiri

Tiyerekeze kuti m'mudzi mwathu muli munthu wonga a Tiwonge. Tonse tim'dziwa. Tidziwa amai ake ndi atsibweni ake. Amalima fodya ndi cimanga monga ife, ndipo amagulitsa tomato pamsika. Tsiku lina madzulo, pocokera kumsika, anyamata am'bisalira panjira. Am'ng'ambira zovala, nam'menya ndi zibonga. M'mawa apezeka m'mbali mwa njira, mutu uli magazi, mkono utathyoka.

Wina anganene kuti, cipatala ca boma sicilipiritsa zambiri, nanga kusonkha n'kwa ciani? Tiyeni tiwerenge pamodzi.

Coyamba ndi ulendo. Afunika njinga yamoto yom'fikitsa ku cipatala capafupi. Ngati fupa lathyoka moipa, kapena mutu wavulala mkati, atumizidwa ku cipatala cacikulu ca mumzinda wa Tete. Ulendowo ndi wautali. Ngakhale ambulansi itam'tenga, wom'dikira afunika ndalama ya chapa popita ndi pobwera.

Caciwiri ndi wodikira wodwalayo. Munthu wothyoka mkono sangathe kusamba yekha kapena kucapa. Wom'dikira asiya munda wake, ndipo nayenso afunika ufa, ndiwo, sopo ndi pogona.

Cacitatu ndi mankhwala. Nthawi zina mankhwala olembedwa ndi dokotala sapezeka, ndipo afunika kugula.

Cacinai ndi munda. Fupa la munthu wamkulu litenga milungu 6 kapena kuposerapo kuti ligwirane. Zikacitika nthawi ya dzinja, udzu sudikira. Munda wosapalira caka cino ndi nkhokwe yopanda kanthu caka camawa.

Palinso za nthawi, ndipo tonse tizidziwe. Bala lalikulu liyenera kutsukidwa ndi kusokedwa tsiku lomwelo, ndipo wovulala angafunike jekeseni woteteza kafumbata. Munthu womenyedwa m'mutu akayamba kusanza, kusinza mosadzuka, kapena kutuluka magazi m'khutu, athamangitsidwe ku cipatala osadikira kuti kuce. Ngati anam'gwiriranso, alipo mankhwala oteteza kacilombo ka HIV. Ayenera kuyamba kumwa asanathe maola 72, ndiwo masiku atatu, ndipo amwedwa masiku 28. Mudzi ukatha masiku atatu ukukangana ngati munthuyo ayenera kuthandizidwa, mwai umenewo wapita ndipo subweranso.

5. Zimene ena anena

Mbale ikayamba kuyenda, padzamveka mau otsutsa. Tisawanyoze anthu onena mauwo, pakuti ena ndi akuluakulu athu ndipo anena zocokera pansi pa mtima. Tiwamvere, ndipo tiwayankhe mwaulemu.

Bambo wina adzati, "Wadziputira yekha. Akadavala monga avalira amuna anzake, sakadamenyedwa."

Tiyankhe kuti: Bambo, munthu woledzera akagwa panjinga, timam'nyamula. Mnyamata wokumba golide dzenje likam'gumukira, timam'fukula ndi manja, ngakhale tinam'cenjeza dzulo lake. Sitiyamba tafunsa kuti wolakwa ndani. Ndiponso uyu sanagwe yekha. Anthu anam'bisalira. Citenje sicithyola fupa la munthu. Wothyola fupa ndi uja ananyamula cibonga.

Mai wina wopemphera adzati, "Ine cikhulupiriro canga sicilola zimenezi. Ndikasonkha ndiye kuti ndavomereza."

Tiyankhe kuti: Amai, pa maliro timasonkhera ngakhale munthu amene tinakangana naye malire a munda zaka zambiri. Wa mpingo uwu asonkhera wa mpingo uwo. Wa chalichi apereka nkhuni pa maliro a wa gule wamkulu, ndipo palibe anena kuti wasiya chalichi cake. Ufa umene mupereka sunena kuti, ndagwirizana ndi zonse ucita. Unena kuti, sindifuna kuti ufe. Cikhulupiriro canu cikhala cili canu, mbale itapita.

Ndiponso tizindikire kuti kukana kusonkha nakonso kumalankhula. Anyamata aja akuyang'ana. Akaona kuti mbale yayenda pa wina aliyense koma pa uyu yaima, amva kuti mudzi wakondwera ndi nchito yao. Tsiku lina adzabwerezanso, ndipo mwina sadzasiya munthuyo akupuma.

Wina adzati, "Ndalama n'zosowa. Tili ndi ana amasiye ndi nkhalamba. Bwanji tiyambe ndi ameneyu?"

Mau awa ndi olemera, pakuti umphawi wathu ndi weniweni. Koma sitikunena kuti apatsidwe zoposa ena. Tikunena kuti muyeso ukhale umodzi. Zimene tikadacita kwa mwana wa mfumu atathyoka mkono, ticite zomwezo kwa iye. Tikayamba kusankha woyenera ndi wosayenera, mzerewo sutha. Lero ticotsa uyu. Mawa ticotsa gogo amene ena amuti ndi mfiti. Mkuja ticotsa wa khunyu, kapena mwana wa cialubino. Tikumbukire zaka zimene matenda a Edzi anafika. Anthu ambiri anasiyidwa okha m'nyumba cifukwa cakuti ena ankati anadziputira okha. Pambuyo pake tinazindikira kuti palibe banja limene matendawo analilambalala. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Pomaliza mnyamata wina adzanong'ona kuti, "Ine ndifuna kuthandiza, koma anzanga adzandiseka. Adzati nanenso ndine wotero."

Manthawa ndi oona, ndipo ndi amene atseka makomo ambiri. Mankhwala ake ndi kuyenda pamodzi. Munthu mmodzi akapita kukaona wodwala, anthu am'nena. Akapita anthu khumi, pamodzi ndi anyakwawa ndi amai aakulu a m'mudzi, wonenayo ndiye acita manyazi. Ndico cifukwa cake ndi bwino kuti oyamba kuponya m'mbale akhale atsogoleri.

6. Munthu ndi cinthu

Popeza tikuphunzira kuwerenga, tiyeni tilembe mau awiri pa bolodi:

mu-nthu
ci-nthu

Kumapeto kwake mauwa ndi ofanana. Asiyana poyambira pokha. Koma kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Munthu timam'patsa moni, timam'funsa m'mene wagonera, timam'lira akamwalira. Cinthu timangocigwiritsa nchito, ndipo cikatha timacitaya.

Tamverani m'mene anthu alankhulira asanamenye mnzao. Sanena kuti, uyu ndi mwana wa auje. Amati, "Taonani cinthu ici." Amati, "Cikubwera apoco." Pakamwa payamba kusandutsa munthu kukhala cinthu, ndipo manja atsatira pambuyo. Anthu amene ankaseka pabwalo la milandu ku Blantyre sananyamule zibonga. Koma kuseka kotere kumapatsa mphamvu onyamula zibonga.

Cinenero cathu citithandiza pano. Pa Cipwitikizi, ukafuna kunena za munthu, uyenera kusankha pakati pa ele ndi ela. Pa Cinyanja timangoti iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Timati wadwala, wavulala, wacira, ndipo mauwo ndi amodzimodzi kwa onse. Conco ngakhale amene sadziwa kuti am'chule bwanji mnansi wathuyu angathe kunena kuti, iye ndi munthu, ndipo wavulala. Mau amenewa ndi okwanira kuti mbale inyamuke.

Umunthu umene timauchula kawirikawiri uyesedwa pamenepa. Kucitira zabwino munthu wofanana nafe ndi cinthu cimene aliyense acita. Umunthu wa mudzi uoneka pa m'mene usamalira munthu amene alibe womuyankhulira.

7. Nafenso tinali alendo

Akuluakulu a m'kalasi muno akumbukira nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu ambiri a cigawo ca Tete anathawa, nasiya minda ndi ziweto. Ena anaolokera ku Zambia, nakakhala ku Ukwimi, ca ku Petauke. Ena anapita ku Malawi, dziko laling'ono limene linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni.

Amene anafika kumeneko anafika ndi mapazi otupa, ena ndi mabala, ena ndi ana odwala kumsana. Eni midzi sankawadziwa. Sankadziwa za mpingo wao, kapena mbali imene abale ao anali pa nkhondoyo. Kunalidi ena onyoza, amene ankati alendowa atha nkhuni ndi madzi. Koma kunalinso amene anapereka malo omangapo msasa, mbale ya ufa ndi khasu lobwereka. Ambiri a ife tili ndi moyo lero cifukwa ca anthu amenewo.

A Tiwonge naonso anathawa kwao, ngakhale kuti cowathamangitsa sicinali mfuti. Ife amene tidziwa kuwawa kwa kusiya kwanu, tisalole kuti mwana wa m'mudzi mwathu athawe cifukwa ca ife.

8. Kucira sikuthera pa khomo la cipatala

Munthu akatuluka m'cipatala timati wacira. Koma womenyedwa ndi anthu abwera ndi mabala awiri, la pathupi ndi la mumtima. Asowa tulo. Adzidzimuka akamva mapazi kuseri kwa nyumba. Aopa njira ya kumsika ndi ya kumjigo. Ena afika poganiza zodzipha. Bala limeneli lipola pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ake oyamba ndi anthu obwera kudzaceza. Munthu akanena zofuna kudzipha, tisam'siye yekha, ndipo tipite naye kwa a zaumoyo.

Nazi zina zimene mudzi ungacite.

Tifunse mwini wake. Iye ndiye anene amene afuna kuti am'dikire ndi zimene afuna kuti zinenedwe. Zimene dokotala waona pathupi pake si nkhani ya pabwalo kapena ya pamowa.

Tim'itane ndi dzina limene iye afuna. Sititaya kanthu potero. Tinazolowera kale kuitana anthu ndi maina atsopano, a kucinamwali, a ubatizo ndi a ana ao.

Tisaike zom'kakamiza pa cithandizo. Kunena kuti, tikupatsa ufa ukalonjeza kusintha, ndiko kugula munthu pamene ali wofooka. Wodwala apatsidwa phala cifukwa ali ndi njala.

Tilembe zonse m'buku. Pasankhidwe anthu awiri, wina wosunga ndalama, wina wolemba. Alembe zolowa ndi zotuluka, naziwerenge pamaso pa onse. Abale a kutali amene atumiza ndalama pa foni, kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, naonso alembedwe. Apa ndi pamene kuphunzira kwathu kugwira nchito, pakuti ndalama zosalembedwa zibala mijedo.

Tigawane masiku. Lero banja ili litunga madzi, mawa banja lina lipita ndi nkhuni. Tsiku limodzi tonse tipalire munda wake. Akayambanso kupita kumsika, masiku oyamba wina ayende naye.

Mlandu upite koyenera. Kuthyola munthu fupa si mlandu wotha ndi nkhuku pabwalo la mfumu. Ngati wovulalayo afuna kukadandaula, tipite naye kupolisi, ndipo tisunge bwino mapepala a kucipatala, pakuti ndiwo umboni. Amene anaona asabise. Lilipo bungwe la boma lochedwa IPAJ, limene lithandiza osauka pa milandu popanda kulipira. Liliponso bungwe la Lambda, limene linayamba mu 2006 ku Maputo, loimira anthu onga mnansi wathuyu.

Apa pali covuta cina. Omenyawo naonso ndi ana a m'mudzi. Ali ndi amai ao, amene tidzakumana nao kumjigo. Kuwabisa kungaoneke ngati cifundo. Koma mnyamata amene wamenya munthu osalangidwa aphunzira kuti cibonga cithetsa nkhani. Mawa adzamenya mkazi wake. Kum'bweza msanga ndiko kum'konda.

9. Mau otsiriza

Tinayamba ndi funso lakuti, kodi mbale iyende? Yankho lathu ndi lakuti inde, iyende, ndipo iyende tsiku lomwelo. Tingapitirize kukambirana za cikhulupiriro ndi mwambo kwa zaka zambiri, ndipo mwina sitidzagwirizana tonse. Kukambiranako kungadikire. Munthu wotuluka magazi sangadikire.

Kusonkha kwathu kuli ngati nkhokwe ya mudzi wonse. Aliyense athiramo pamene ali bwino, osadziwa tsiku limene adzatapamo. Nkhokweyo ikhala yodalirika ngati tonse tidziwa kuti pa tsiku la tsoka palibe adzafunsidwa kuti, kodi iwe ndiwe woyenera? Tikam'tsekera mmodzi, tonse tiyamba kukayika za tsiku lathu. Makolo anati, kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Tisam'siye mnansi wathu yekha pa mphasa.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zinai zimene zidya ndalama kapena mphamvu munthu akavulazidwa.
2. Kodi kusonkhera munthu ndi kuvomereza zonse zimene iye acita? Perekani citsanzo ca m'mudzi mwanu, osachula dzina la munthu.
3. Kodi mudzi ukakana kusonkha, omenya aja amva ciani?
4. N'cifukwa ciani masiku atatu oyamba ali ofunika kwa munthu amene wagwiriridwa?
5. Ndani m'mudzi mwanu angayambe kuponya m'mbale kuti ena asaope?

Za kulemba

Lembani mau awa katatu: munthu, mnansi, cilonda, cifundo, kusonkha.
Lembani ciganizo cimodzi coyamba ndi mau akuti: Mnansi wanga akavulala, ine...

Za masamu

M'mudzi wina muli mabanja 40. Banja lililonse lasonkha meticais 50. Zonse pamodzi ndi zingati? Ngati ulendo wa wodikira wodwala watenga meticais 1,200, zatsala zingati zogulira cakudya ndi sopo?